Pac-Man: mizukwa inayi yanzeru m'bwalo limodzi losasintha

Amene anakulira pa timagemu ta pa TV togulitsidwa mumsika waukulu wa Mzuzu ndi ku Taifa, tija ta makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu mazanamazana pamene ndi ochepa omwewo obwerezabwereza, Pac-Man amamudziwa bwino. Kamutu kachikasu kongoyasama, timadontho ta m'njira, ndi mizukwa inayi pambuyo. Gemuyi inatuluka ku Japan mu 1980 ku kampani ya Namco, ndipo anaikonza ndi Toru Iwatani. Kwawoko inkatchedwa Puck Man, dzina linasintha itapita ku America. Lero ikuyenerabe malo pa kompyuta kapena pa foni yanu, koma si paliponse pamene imaseweredwa bwino, ndipo si aliyense amene angaipirire.

Malamulo ake mwana wa sitandade 2 amawamva m'mphindi imodzi. M'bwalo muli madontho 244 oti muwadye onse mizukwa isanakugwireni: ang'onoang'ono 240 a mapointi 10 lililonse, ndi akuluakulu anayi a mapointi 50 cha m'makona. Mukadya lalikulu, mizukwa imasanduka yabuluu n'kuyamba kukuthawani. Woyamba kuudya umakupatsani 200, wachiwiri 400, wachitatu 800, wachinayi 1,600. Ndiye kuti dontho lalikulu limodzi likhoza kubala mapointi 3,000, pamene madontho onse a m'bwalo pamodzi amangokwana 2,600. Apa ndi pamene ambiri amaluza masamu. Amathamangira dontho lalikulu mizukwa ili kutali, n'kulidya ngati chiwaya cha masana, nthawi n'kutha asanagwire ngakhale umodzi. Choyenera n'kuima pafupi nalo, kudikira mizukwa isonkhane kumbuyo kwanu, kenako n'kulidya. Chipatso chopatsa mapointi owonjezera chimatuluka kawiri pa gawo lililonse, mukadya madontho 70 ndi 170, ndipo chimakhala masekondi pafupifupi 10 basi. Moyo wowonjezera umabwera pa mapointi 10,000.

Chimene chasunga gemuyi zaka zoposa 40 ndi mizukwayo. Siyendera mwayi ayi. Uliwonse uli ndi kasakidwe kake, ndipo mukakadziwa mumasiya kuthawa mwachimbulimbuli.

Wofiira, Blinky, ndi galu wa alenje: amalunjika pamene inu muli, basi. Pa gawo loyamba, madontho akatsala 20 amawonjezera liwiro, akatsala 10 amawonjezeranso. N'chifukwa chake timadontho titatu totsala ku kona yakutali timapha anthu ambiri kuposa china chilichonse. Malizani mbali yapansi, yomwe ili ndi njira zazitali zopanda pothawira, pamene Blinky adakali wofatsa.

Wapinki, Pinky, salunjika pa inu. Amayang'ana kumene mwaloza, n'kuwerenga timabokosi tinayi kutsogolo kwanu (bwalo linagawidwa m'timabokosi tosaoneka), n'kupita kukakudikirani kumeneko. Iye ndi Blinky ndi amene amakupanikizani pakati, wina kumbuyo wina kutsogolo. Koma nzeru yakeyo ndi imene imam'pusitsanso. Mukakumana naye maso ndi maso pafupi ndi mphambano, malo amene akufuna amakhala atadutsa kale kumbuyo kwake, ndiye nthawi zambiri amapatuka yekha n'kukusiyirani njira. Zimafuna mtima, koma zimatheka. Palinso cholakwika m'pulogalamu yake yoyambirira: mukaloza m'mwamba, amawerenga timabokosi tinayi m'mwamba ndi tinanso tinayi kumanzere. Namco sanafune zimenezo, koma akatswiri amazidalira.

Wabuluu wowala, Inky, ndiye wovuta kumuwerenga, chifukwa kayendedwe kake kamadalira Blinky. Gemu imatenga malo a timabokosi tiwiri kutsogolo kwanu, n'kuyeza mtunda kuchokera pamene pali Blinky kufika pamenepo, n'kuuwirikiza kawiri. Kumene mzerewo wathera ndi kumene Inky akupita. Blinky akakhala kutali, Inky amaoneka ngati wasochera. Blinky akangokuyandikirani, Inky nayenso amatulukira pomwepo. Musavutike kuchita masamu amenewa mukusewera. Ingodziwani kuti wofiira akafika pafupi, diso lina liyang'ane wabuluu.

Wachinayi, Clyde, wamtundu wa lalanje, ndi wamantha. Akakhala kutali kuposa timabokosi 8 amakutsatani ngati Blinky, koma akafika pafupi amatembenukira ku kona yake ya pansi kumanzere. Ambiri amamunyoza, komatu mukapezeka pakati pa iye ndi kona yakeyo amakugundani akuthawa.

Pamwamba pa zonsezi pali wotchi yobisika. Pa gawo loyamba, masekondi 7 oyambirira mizukwa simakusakani, uliwonse umapita ku kona yake: Blinky pamwamba kumanja, Pinky pamwamba kumanzere, Inky pansi kumanja, Clyde pansi kumanzere. Kenako imasaka masekondi 20, n'kupumanso 7, n'kusakanso 20, n'kupuma 5, 20 ena, 5 omaliza, ndipo kuchokera pamenepo palibenso kupuma. Nthawi iliyonse imene yasintha, yonse imatembenuka nthawi imodzi n'kubwerera kumene ikuchokera. Wosadziwa amati wapulumuka mwa mwayi. Wodziwa amawerenga mumtima n'kugwiritsa ntchito mpatawo kukolola madontho a malo oopsa. Ndipo poyamba mizukwa simatuluka yonse m'khola lake la pakati: Inky amadikira mudye madontho 30, Clyde 60.

Pali tina ting'onoting'ono tothandiza. Mumphanga ya m'mbali, ija yolowera kumanzere n'kutulukira kumanja, mizukwa imachepetsa liwiro kwambiri pamene inu simuchepetsa. Dontho lililonse limene mwadya limakuchedwetsani pang'ono, choncho pothawa sankhani njira imene mwadya kale. Pokhota, Pac-Man amatha kudula kona ngati mwakankhiratu batani musanafike pa mphambano, pamene mizukwa imakhota ndendende pakati. Mukakhota katatu kanayi motsatizana, amene anali pa chidendene mumamusiya. Maso a mzukwa amaloza kumene ukupita, ndiye yang'anani maso, osati thupi.

Tsopano zofooka, ndipo zilipo zenizeni.

Bwalo ndi limodzi. Gawo loyamba, la 10, la 100, makoma ndi omwewo, madontho ali pomwepo. Chimasintha ndi liwiro, chipatso, ndi nthawi imene mizukwa imakhala yabuluu: masekondi 6 pa gawo loyamba, 5 pa lachiwiri, 4, 3, 2, n'kukwerako apa ndi apo, mpaka kuyambira gawo la 19 dontho lalikulu limangoitembenuza osaisandutsa konse. Kuyambira gawo la 21 mizukwa imathamanga kukuposani, ndipo magawo onse otsatira ndi ofanana. Chipatso chimathera pa kiyi ya mapointi 5,000 kuyambira gawo la 13, palibenso chatsopano.

Chachiwiri n'chobadwa m'mphamvu yake yomwe ija. Popeza mizukwa imatsata malamulo osasintha, mukayenda njira imodzimodzi nthawi iliyonse, nayonso imayenda chimodzimodzi. Osewera a m'zaka za m'ma 1980 anazindikira msanga, n'kuloweza njira zoti gawo lithe osakhudzidwa. Pamenepo si kuseweranso, n'kulakatula zoloweza ndi zala. Palinso malo pang'ono chabe kumtunda chakumanja kwa pamene mumayambira, oti mukalowapo mizukwa isakukuonani pafupi n'kuima mutaloza m'mwamba, imangozungulira osakupezani. Munthu akhoza kukatereka tiyi. Nthawi zina, mukasinthana malo ndi mzukwa pa kamphindi kamodzimodzi, mumadutsana osagundana. N'zosangalatsa zikakuchitikirani, koma ndi cholakwika. Ms. Pac-Man, yomwe inatuluka mu 1982, inakonza zambiri mwa izi: mabwalo anayi, zipatso zoyenda, ndi mizukwa yosalowezeka. Amene akufuna kusangalala osati kuphunzira, ayambire kumeneko.

Gemuyi ilibenso mathero oikidwa. Imangowonongeka pa gawo la 256, chifukwa kauntala ya magawo ndi ya mabiti 8 ndipo singapitirire 255. Theka la kumanja la sikirini limadzaza zilembo ndi zinyalala, madontho sakwananso 244, gawo silingathe. Mapointi apamwamba kwambiri otheka ndi 3,333,360, ndipo kuwafika kumatenga maola angapo osafa ngakhale kamodzi m'magawo 255 oyamba. Kuno kwathu, kumene magetsi amatha kuzima nsima ili pamoto, ndipo makina a pa TV aja sasunga pamene mwafika, maloto amenewo asiyeni.

Phokoso lake lija la kudya, ndi sayirini yokwera madontho akamatha, limakoma mphindi 10 zoyamba. Ena m'nyumba akuonera mpira kapena agona, chepetsani.

Koma vuto lalikulu kwa ife si la mu 1980, ndi la chimene tikusewererapo. Pac-Man anapangidwira ndodo yoyenda mbali zinayi zokha. Pa foni mumachita kusisita galasi ndi chala, ndipo kudula kona kuja, komwe ndi chida chanu chachikulu, kumafuna kuti lamulo lifike msanga. Taonani mnyamata atakhala pa benchi ya babashopu ku Chibavi m'mawa wa June, zala zitauma ndi chisanu, foni yake ili ndi mng'alu pakati pa sikirini: wasisita kumanzere, foni yamva mochedwa, kamutu kachikasu kapitirira mphambano n'kulowa m'kamwa mwa Pinky. Iye akudzida yekha, pamene wolakwa ndi galasi. Chala chomwecho chimaphimbanso mbali yapansi ya bwalo, kumene Inky ndi Clyde amakhala. Mapadi okhala ndi kandodo kozungulira mbali zonse nawonso amasokoneza, chifukwa mukakankha mopendekera pang'ono gemu imasankha mbali imene simunafune. Gwiritsani ntchito mabatani a mtanda aja, kapena mivi inayi ya pa kiyibodi, yomwe ndi yabwino kuposa zonse zimene ambiri tili nazo.

Samalaninso ndi mtundu umene mwapeza. Yoyambirira inali ya sikirini yoimirira, yaitali kuposa m'lifupi. Ya pa makaseti achikasu ija inachokera ku makina a Nintendo, ndipo anaisintha kuti ikwane pa TV yopingasa, mapointi n'kuwaika pambali. Ndi yabwino ndithu, koma njira zoloweza za yoyambirira sizigwira pamenepo. Zongotengera zodzaza pa intaneti zambiri zimangojambula mizukwa inayi ya mitundu yosiyana, yonse n'kumakutsatani ngati Blinky kapena kumangoyendayenda. Kuyesa kwake n'kosavuta: gemu ikangoyamba, musathamange, onani ngati wofiira akupita pamwamba kumanja ndi wapinki pamwamba kumanzere. Kenako yandikirani Clyde muone ngati akuthawa. Zikapanda kutero, mwapatsidwa chikopa chabe, ndipo ngati ikukuonetsani malonda mukangofa, ikudyerani bando pachabe. Ya pa Google, imene anaiika mu 2010 pokumbukira zaka 30 za gemuyi, imatseguka mukalemba dzina lake posaka; bwalo lake ndi lina, lolembedwa dzina la kampaniyo, ndiye ndi yolawira chabe.

Kwa mwana woyamba kugwira gemu, kapena wamkulu wofuna mphindi 15 podikira minibasi ya ku Ekwendeni idzaze, Pac-Man ndi wokwanira, mulibe magazi ndipo safuna foni yamphamvu. Kwa wozolowera magemu a nkhani ndi mabwalo osinthasintha, adzatopa asanafike gawo la 5. Wofuna kuona nzeru yake yeniyeni apeze yochokera kwa Bandai Namco, eni ake a gemuyi, aisewere pa kiyibodi, ndipo masewero atatu oyamba asawerenge mapointi, angotsata mzukwa umodzi ndi maso, kuyambira ndi Pinky.