Miyezi 10 ndi RX 6600 yakale: khadi, kachingwe ka mbasela, ndi ndalama zimene sindinaziwerengere

Sabata yatha alamu anga a ku Chelstone anafika kwathu ku Kabwata, muno mu Lusaka, atanyamula kompyuta pampando wakumbuyo wa galimoto, ndipo asanakhale n'komwe pansi anati, "Alamu, mwana wanu wamkulu uja wakhoza mayeso a giredi 9, ndipo ndinamulonjeza graphics card ngati yanu ija. Mundiperekeze kwa munthu amene anakugulitsani." Ndinawapempha kuti ayambe amwa tiyi, chifukwa pempho lawolo silinali loyankha ndi mawu amodzi. Khadi limene amanenalo, chipangizo chimene chimajambula zithunzi za magemu pa sikirini, ndi Radeon RX 6600 la kampani ya AMD, logwiritsidwapo kale ntchito, limene ndinagula mu Marichi 2024 pamtengo wa K4,300 m'kasitolo kena ka m'tauni, kufupi ndi Katondo Street. Pa miyezi 10 imene ndakhala nalo, maganizo anga pa khadili asintha katatu, ndipo zimene ndinafotokozera alamu madzulo amenewo ndi zimene ndikulemba pano.

Kompyuta yanga ili ndi purosesa ya Intel Core i5-10400F, RAM ya 16GB ndi sikirini ya 1080p. Poyamba munali GTX 1050 Ti ya 4GB, khadi la mu 2016 limene linanditumikira mokhulupirika mpaka magemu atsopano atayamba kulikulira. Ndalama zimene ndinali nazo zinkandilola kusankha pakati pa makhadi atatu akale: RX 580 ya 8GB, GTX 1660 Super ya 6GB, ndi RX 6600 ya 8GB. RX 580 inali yotsika mtengo kwambiri, koma ndinaiopa pa zifukwa zingapo. Ndi khadi la mu 2017 limene limadya mawati 185, ambiri mwa makhadi amenewa anagwira ntchito ya mining (kukumba ndalama za pa intaneti) usana ndi usiku kufikira Ethereum, imodzi mwa ndalama zimenezi, itasiya kugwiritsa ntchito ma graphics card mu Seputembala 2022, ndiponso pamsika pali mtundu wina wolembedwa 2048SP umene uli ndi ma shader (tizigawo ta m'khadi tokonza zithunzi) 2048 m'malo mwa 2304 a RX 580 yeniyeni. GTX 1660 Super inali yabwino, koma kusiyana kwa mtengo wake ndi wa RX 6600 kunali kochepa, ndipo ndinaona kuti 2GB yoonjezerayo idzandithandiza m'tsogolo. Khadi latsopano la m'bokosi sindinaliganizire n'komwe, popeza dola inali itakwera ndipo mitengo ya zinthu zochokera kunja inkasintha pafupifupi mlungu uliwonse.

Zimene khadili limachita bwino sizifuna mawu ambiri. EA Sports FC 24, GTA V ndi Forza Horizon 5 zimayenda mosadukiza pa 1080p, ndipo Red Dead Redemption 2, imene pa khadi lakale inkachita kudzikoka, imakhala pafupi ndi mafulemu (zithunzi) 60 pa sekondi ndikatsitsa ma settings awiri kapena atatu. Mafani ake amaima okha kompyuta ikakhala kuti sikugwira ntchito yolemera, choncho usiku m'chipinda mumakhala bata. Ena anandiopseza kuti khadili limagwiritsa ntchito mizere 8 yokha ya PCIe 4.0 (njira imene khadi limalumikizirana ndi purosesa) pamene purosesa yanga imalekezera pa PCIe 3.0, koma m'magemu amene ndimasewera sindinaonepo vuto lochokera pamenepo.

Chimene sindinachiyembekezere ndi mmene khadili linandithandizira pa nthawi ya kuzimazima kwa malaiti. Aliyense wokhala mu Lusaka akukumbukira mmene chilala cha 2024 chinatsitsira madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, ndiponso mmene maola okhala mumdima anakwerera kuchoka pa 8 mu Marichi kufika pa 17 mu Seputembala. Kunyumba tili ndi inveta yaing'ono ndi batire limodzi la 100Ah, zimene tinagula kuti tiziunikira ndi kutchaja mafoni. RX 6600 ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse imadya mawati 132, koma nditalowa mu pulogalamu ya AMD yosinthira ma settings a khadi, ya Adrenalin, n'kuika malire akuti mafulemu asamapitirire 60, ndinaona kuti m'magemu a mpira khadili linkadya mawati osafika 80. Motero Loweruka madzulo, batire likakhala lodzaza, tinkatha kusewera mpira ndi anzanga kwa maola awiri ndi theka kwinaku komboni yonse ili zii. M'miyezi imeneyo ndinkauza aliyense kuti ndinagula mwanzeru, ndipo ndinkanena kuchokera pansi pa mtima.

Komabe panali vuto limodzi limene linayamba mu Epulo ndipo silinkatha. Ndikamasewera gemu yolemera, makamaka Red Dead Redemption 2 ndikalowa mumzinda wa Saint Denis mmene muli anthu ambiri ndi magetsi a m'misewu, sikirini inkangoti bii, mawu n'kupitirira kwa masekondi ochepa, kenako mafani n'kuyamba kulira mwamphamvu mpaka nditazimitsa kompyuta pogwira batani. Zinkachitika kamodzi kapena kawiri pamlungu. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi magetsi, poti akangobwera kumene sakhala okhazikika, koma tsiku lina zinachitikanso ndili pa inveta. Kenako ndinakayikira ma driver, mapulogalamu amene amayendetsa khadi, ndipo ndinawachotsa onse ndi pulogalamu ya DDU n'kuikamo atsopano, kenakonso akale, koma panalibe chosintha. Ndinayang'ana kutentha kwa khadi ndipo kunali kwabwinobwino. Ndinapukuta fumbi, ndinazula RAM n'kuibwezeramo, ndinasintha chingwe cha HDMI, koma vuto linali pomwepo.

Kumayambiriro kwa Juni, waranti ya miyezi itatu imene inalembedwa pamanja pa risiti itatsala pang'ono kutha, ndinazula khadilo n'kupita nalo kwa wogulitsa. Anandilandira bwino, analiika mu kompyuta yake, n'kuyendetsa pulogalamu yoyesera makhadi ya FurMark kwa mphindi 15 ine ndikuona, ndipo khadilo silinaphethire n'kamodzi komwe. Anatembenuka n'kunena kuti, "Akulu, mwadzionera nokha, khadi lilibe mlandu, kayang'aneni makina anu." Ndinabwerera kunyumba ndili wokhumudwa, ndikuganiza kuti munthuyo ali ndi njira yake yobisira vuto. Lero ndikuvomereza kuti pa mfundo imeneyi ankanena zoona, kungoti sanandifunse funso limodzi limene likanathetsa nkhani yonse tsiku lomwelo, lakuti khadilo ndinalilumikiza bwanji ku magetsi. Yankho lake ankalidziwa, chifukwa kachingwe kamene ndinkagwiritsa ntchito anandipatsa ndi iyeyo.

Tsiku logula lija ndinamuuza kuti power supply yanga, kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta, ilibe pulagi ya mapini 8 imene khadili limafuna. GTX 1050 Ti yanga sinkafuna pulagi iliyonse, popeza mawati 75 amene inkadya inkawatenga pa motherboard. Iye anatsegula kabati, n'kutulutsa kachingwe kosinthira pulagi imodzi ya SATA, ija yopatsa hard drive magetsi, kukhala ya mapini 8, n'kunena kuti ndi mbasela. Ndinathokoza, chifukwa ndinaona ngati wandipulumutsira ndalama zogulira power supply ina.

Kuyambira Julayi mpaka Seputembala vutoli linachepa kwambiri moti ndinayamba kuliiwala, osadziwa kuti malire a mafulemu 60 amene ndinaika pofuna kusunga batire ndi amene ankalibisa. Lamlungu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malaiti anabwera masana mosayembekezeka, ndipo chifukwa cha chisangalalo ndinachotsa malire aja n'kukweza ma settings onse. Patatha pafupifupi ola limodzi ndinamva fungo la pulasitiki yopsa. Ndinathamangira kuzimitsa pakhoma, ndipo nditatsegula bokosi ndinapeza pulagi ya SATA ija itasungunuka n'kumatirirana ndi kachingwe ka mbasela. Hard drive ya 1TB imene inali pa nthambo yomweyo sinadzukenso. Usiku umenewo ndinatsimikiza mumtima kuti khadilo ndiligulitsa, ndipo ndinadandaula kuti ndikanangokhala ndi GTX 1050 Ti yanga, imene ndinali nditaigulitsa kale pa K1,200.

Amene ananditsegula maso ndi mnyamata wina wokonza makompyuta ku Kamwala. Sanayambe ndi khadi ayi, anayamba ndi kuwerenga kapepala komatidwa pa power supply. Pamwamba panalembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu, koma pamzere wa 12V, umene umadyetsa purosesa ndi graphics card, panalembedwa 18A. Anachulukitsa 18 ndi 12 n'kundionetsa kuti mphamvu yeniyeni inali mawati 216 basi, oti agawane khadi la mawati 132, purosesa ya mawati 65, mafani ndi ma hard drive. Kenako anandifotokozera za kachingwe kaja. Pulagi ya SATA inapangidwa kuti izinyamula mawati 54 pamzere wa 12V, pamene pulagi yeniyeni ya mapini 8 imaloledwa kunyamula mawati 150. Ngakhale motherboard itapereka mawati onse 75 amene ingathe, khadi likamagwira ntchito mokwanira pamatsalabe mawati 57 oyenera kudutsa pa kachingweko, ndipo amenewa apitirira kale malire ake. Choncho kuzima kwa sikirini kuja linali chenjezo limene ndinalandira kwa miyezi isanu ndi umodzi koma osalimva. AMD imalangiza power supply ya mawati 450 pa khadi limeneli, ndipo ine ndinangoona 500 pa kapepala n'kukhutira.

Ndinabwerera kwa wogulitsa nditanyamula kachingwe kosungunukako m'kajumbo. Ndinamulankhula mwaulemu kuti, "Achimwene, khadi lanu ndi labwino, koma mbasela yanu yandiotchera hard drive ndipo ikanatha kundiotchera nyumba." Poyamba anakana, akunena kuti tizingwe timeneto amapatsa anthu ambiri ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula, kenako anandilozera chikwangwani cha pakhoma chonena kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Pamenepo mtima unandipweteka, chifukwa lamulo la mu 2010 loteteza ogula, limene bungwe la boma loteteza ogula la CCPC limayang'anira, sililola sitolo kupachika chikwangwani chotero. Koma ndinadziwanso kuti mlandu wanga unali wofooka, popeza waranti inatha mu Juni ndipo kachingweko sikanalembedwe pa risiti. Titakambirana kwa nthawi yaitali, anavomera kundichotsera K200 pa power supply yatsopano ya mawati 550 ya 80 Plus Bronze, imene inali pa K1,650, ndipo anandiikira yekha popanda kundilipiritsa. Za hard drive anakaniratu. Sindinganene kuti ndi munthu wachinyengo, chifukwa khadi limene anandigulitsa ndi lenileni ndipo pulogalamu yoonetsa mtundu wa khadi ya GPU-Z inatsimikiza zimenezo, koma munthu amene amagulitsa makhadi tsiku ndi tsiku sayenera kupereka kachingwe kotero kwa kasitomala amene wamuuza poyera kuti sadziwa za magetsi.

Kuchokera tsiku limene power supply inasinthidwa, sikirini sinazimenso ngakhale kamodzi, ndipo papita miyezi itatu, kuphatikizapo masiku a mvula ya mabingu mu Disembala. Ndikawerengera ndalama, khadi linadya K4,300, power supply K1,450, hard drive ina yakale K650, ndi ma bundle a intaneti okwana pafupifupi K400 kuti ndikopenso magemu amene anapita ndi hard drive ija, poti Red Dead Redemption 2 yokha imafuna malo okwana 150GB. Zonse pamodzi ndi K6,800, ndipo ndikachotsapo K1,200 ya GTX 1050 Ti imene ndinagulitsa, kuchoka m'thumba mwanga ndi K5,600. Power supply ndikanaigulabe ngakhale pachiyambi pomwe ndikanauzidwa zoona, choncho ndalama imene imandiwawa ndi K1,050 ya hard drive ndi ma bundle, pamodzi ndi miyezi imene ndinakhala ndikukayikira khadi losalakwa. Masiku amene gemu ikuyenda bwino ndimaona kuti K5,600 pa makina amene angandifikitse zaka zina ziwiri kapena zitatu si yoipa. Masiku amene ndakumbukira fungo lija, ndimaona kuti ndinalipira mtengo wa khadi lapamwamba kuposa limene ndili nalo.

Alamu anachita bwino kubwera ndi kompyuta yawo, pakuti safunsa anadya phula. Titaitsegula tinapeza kuti ndi ija yaing'ono yochokera m'maofesi, yokhala ndi power supply ya mawati 240 yopanda pulagi ya graphics card, ndiponso bokosi lake ndi lopyapyala moti RX 6600 singalowemo n'komwe. Ndinawauza kuti pamakina amenewa afunefune khadi lalifupi losafuna pulagi, monga GTX 1650 ya low profile imene imadya mawati 75, kapena RTX 3050 ya 6GB imene imadya mawati 70 ngati thumba lingalole. RX 6400 nayonso imalowa ndipo imadya mawati 53 okha, koma ili ndi mizere inayi yokha ya PCIe ndi 4GB, choncho pamakina akale a PCIe 3.0 imataya mphamvu yooneka ndithu. Anandifunsa kuti, "Nanga alamu, kwa munthu wanu uja tipite kapena ayi?" Ndinawayankha kuti tipita Loweruka, koma tikanyamule kompyuta yonse kuti khadi likayesedwe m'makina awo omwewo kwa mphindi 30, ndiponso kuti nambala ya khadi ndi chilichonse chimene atipatse, ngakhale cha mbasela, zikalembedwe pa risiti. Wogulitsayo ndamuimbira kale foni. Za kuyesa wavomera, koma za waranti ya miyezi isanu ndi umodzi imene ndinapempha wati tikakambirana tikafika.