Ofesi ya Social Welfare ku Lilongwe: zomwe mayi wa pathupi posakonzekera angapezeko

Ambiri amapita ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Lilongwe akuyembekeza kutulukamo ndi ndalama m'manja. Pathupi pabwera mosakonzekera, mwini mimba wazimitsa foni, lendi yakwana, kwa makolo nkhani sinafike. Tinene poyera: ofesiyi sigawa ndalama kwa amayi oyembekezera, ndipo boma lilibe thumba loti munthu n'kulembetsa lero chifukwa cha pathupi, mwezi wamawa n'kuyamba kulandira. Komabe ife timati pitani, ndipo pitani msanga mimba isanakule, chifukwa ogwira ntchito mmenemo ndi amene angakutsogolereni kuti bambo wa mwana azipereka chisamaliro, komanso ndi khomo lokhalo lotetezeka ngati mukuganiza zoti mwanayo akaleredwe ndi anthu ena.

Funso loyamba limene anthu amafunsa ndi la Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayamba mu 2006 ku Mchinji ndipo pano ili m'maboma onse, koma imasankha mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi 10 pa mabanja 100 aliwonse. Maina amachokera m'kaundula amene amalembedwa m'madera, si pa desiki ya ofesi. Pathupi pokha sipalowetsa munthu mu Mtukula Pakhomo. Mtsikana wa ku Mtandire kapena ku Chinsapo amene akuchita lendi kachipinda kamodzi asawononge ndalama ya minibasi kuyendera nkhani imeneyi.

Ndalama imene lamulo limakulonjezani ili m'thumba la bambo wa mwana, ndipo apa ndi pamene ofesiyi imagwira ntchito yooneka. Lamulo la maukwati la 2015 likunena kuti mwamuna amene wavomera mimba, kapena amene khoti lapeza kuti mimba ndi yake, ayenera kusamalira mayiyo nthawi yonse ya pathupi komanso kulipira zofunika pochira, kaya anakwatirana kaya sanakwatirane. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapitiriza pamenepo mwana akabadwa: chakudya, zovala, pogona, chipatala ndi sukulu ndi udindo wa makolo onse awiri.

Kayendedwe kake ndi kotere. Mumafotokoza nkhani yanu kwa a Social Welfare, iwo amalemba kalata yoitana mwamunayo, ndipo mumakhala pansi pamodzi, kawirikawiri pali wachibale wa mbali iliyonse. Mukagwirizana, limbikirani kuti zilembedwe: ndalama zingati, tsiku liti la mwezi, kudzera njira iti, ndipo nonse musayine. Mawu oti "ndiziona mmene ndapezera" si mgwirizano. Akakana kubwera, kapena akasayina n'kusiya kupereka, nkhani imapita ku khoti la majisitireti kapena khoti la ana, kumene amamutumizira samani. Loya safunika kwenikweni pa mlandu wa chisamaliro, koma ngati nkhani yavuta, monga mwamuna wabwera ndi loya wake, a Legal Aid Bureau amaimira anthu osowa ndalama.

Milandu yambiri imafooka chifukwa cha umboni. Mayi amafika ndi misozi yokha, mwamuna amafika ndi mawu amodzi oti "si yanga". Musafufute mauthenga a pa WhatsApp ngakhale mutakwiya chotani. Uthenga woti "ugule mankhwala, ndatumiza", kapena wa Airtel Money ndi Mpamba woonetsa dzina lake ndi tsiku, umathandiza kwambiri pamaso pa majisitireti. Tengani buku lanu la kusikelo, malisiti a zomwe mwagula, dzina la kumene amagwira ntchito, ndi pepala lomwe mwalembapo zofunika pa mwezi chimodzichimodzi ndi mitengo yake: ufa, ndiwo, makala, sopo, lendi, thiransipoti ya kusikelo. Khoti limayang'ana zomwe makolo onse awiri amapeza komanso ana ena amene mwamunayo akusamalira. Akapitiriza kukana, khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti ayezedwe magazi.

Kufooka kwa njirayi kuli pawiri. Mwamuna wa pa ntchito yolembedwa savuta, chifukwa khoti lingathe kulamula kuti ndalama zizidulidwa ku malipiro ake. Wa kabaza, wa maganyu kapena wa geni mu msika wa Tsoka alibe pepala la malipiro, amatha kusamuka dera osatsanzika, ndipo ntchito yomulondola imagwera mayi yemweyo amene ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Chachiwiri, ndalama imene khoti lalamula siikwera yokha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe zinkakwanira mwezi zinayamba kuthera pakati. Muli ndi ufulu wobwerera ku khoti kukapempha kuti ziwonjezedwe, koma ambiri sadziwa.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza mabanja. Akuluakulu akapita kukatula mimba, amalipiritsa dameji, nkhani n'kuoneka ngati yatha. Dameji ndi ya makolo a mtsikana, yowapepesa. Siichotsa udindo wa bambo pa mwana, ndipo munthu asakuuzeni kuti "tinalipira kale".

Kwa amene muli pa ntchito, kuphatikizapo ya m'nyumba ku Area 10 kapena ku Area 43, lamulo la ntchito la 2000 limakupatsani tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu. Nkhani imeneyi si ya Social Welfare, ndi ya ku ofesi ya Labour, ndipo dandaulo liyenera kufika pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni.

Thandizo lalikulu limene silioneka ngati ndalama ndi la kuchipatala. Sikelo ndi kuchira n'zaulere ku Bwaila, ku Kawale, ku Area 18, ku Area 25 ndi zipatala zina za boma, ndipo mavuto akakula amakutumizani ku Kamuzu Central. Yambani sikelo miyezi itatu isanathe. Azaumoyo amalimbikitsa maulendo asanu ndi atatu. Amakuyezani HIV ndi chindoko, amakupatsani mapilitsi owonjezera magazi, Fansidar woteteza malungo mimba ikapitirira miyezi itatu, katemera wa kafumbata ndi neti. Mukapezeka ndi HIV mumayamba ma ARV nthawi yomweyo kuti mwana atetezeke, monga dziko lino lakhala likuchitira kuyambira 2011. Atsikana ambiri amachedwa chifukwa anamva kuti kusikelo amafuna mwamuna. Kubwera naye n'kothandiza, koma kusowa kwake si chifukwa chokhalira kunyumba. Fotokozani kwa anamwino mmene zilili. Zomwe mudzagule nokha ndi za m'chikwama cha tsiku lochira: zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, chipepala chakuda cha pulasitiki choyala pa bedi, lezala latsopano losatsegula, ulusi, sopo, chipewa ndi masokosi a mwana, ndi ndalama ya galimoto yobisa pamalo amene simuikhudza ngakhale ndiwo zitasowa, chifukwa matenda angayambe usiku minibasi zitasiya kuyenda. Gulani chimodzi chimodzi mwezi uliwonse. Za katapila musayerekeze n'komwe. Ngati muli mu banki m'khonde, kongolani kumeneko. Mukafuna kufunsa za thanzi muli kunyumba, Chipatala cha pa Foni chili pa 929.

Tsopano nkhani yolemera, yopereka mwana. Pali njira zingapo, ndipo anthu amazisakaniza. Kumusiya kwa agogo, azakhali kapena achemwali ndi njira imene ambiri amatsata. Mwana amakhalabe wanu, ndipo bambo ake ayenerabe kupereka chisamaliro kwa amene akumulerayo. Ina ndi imene lamulo la 2010 limaitcha foster care: a Social Welfare amaika mwana m'banja lomwe aliunika, kwa kanthawi, akumamuyendera, inu muli kholo lake ndithu ndipo mungathe kudzamutenga zinthu zikakhala bwino. Palinso nyumba zosunga makanda kwa kanthawi, monga Crisis Nursery ya Ministry of Hope mu Lilongwe momwe muno, zomwe cholinga chake n'choti mwana adzabwerere kwa abale ake. Kumeneko mwana salowa pongogogoda pa geti, amadzera kwa a Social Welfare.

Adoption, kutanthauza kupereka mwana kuti akhale wa anthu ena mwalamulo, ndi yosiyana ndi zonsezi chifukwa sibwezeka. Lamulo lake ndi la 1949, ndipo khoti lokha ndi limene lingapereke chilolezo. Kawirikawiri milanduyi imamvedwa ku High Court. Woweruza akasayina, ufulu ndi udindo wanu wonse pa mwanayo umatha n'kupita kwa makolo atsopano, ngati kuti anabadwa kwa iwo. Wotenga mwana ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 25, komanso kuposa mwanayo ndi zaka 21, kupatula ngati ndi wachibale wapafupi. Mwamuna amene ali yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha khoti litaona zifukwa zapadera. Khoti limasankha munthu woimira zofuna za mwana, amene amakhala wa ku Social Welfare, ndipo iyeyu amafika kunyumba kwa ofuna mwanawo, kuona pogona, kufunsa za ndalama ndi thanzi lawo, kulankhula ndi inu ndi abale anu, kenako n'kulemba lipoti. Woweruza angathe kupereka kaye chilolezo choyembekezera, cha nthawi yosapitirira zaka ziwiri, kuti aone mmene mwana akukhalira. Zonsezi zimatenga miyezi, ndipo kuchedwako ife sitikudandaula nako, chifukwa kumapatsa mayi mpata woganiza mutu utazizira.

Chilolezo cha makolo ndi mtima wa nkhaniyi. Khoti limafuna kutsimikiza kuti kholo lamvetsa kuti likusiya mwana mpaka kalekale. Pepala limakhala la m'Chingerezi cha maloya, ndiye musasayine mpaka wina atakuwerengerani mzere uliwonse m'Chichewa, pamaso pa wa Social Welfare. Bambo wa mwana nayenso amafunsidwa. Khoti lingathe kupitirira popanda iye ngati anathawa mwana, sakupezeka kapena wakhala akukana kumusamalira, koma kumubisa dala kumadzabweretsa mlandu pambuyo pake. Kuno kwathu mwana ndi wa mbumba, ndiye yembekezerani kuti adzafunsa ngati amalume ndi agogo akudziwa. Kwa mtsikana amene akubisa mimba kwa makolo, apa ndi powawa, ndipo tikuona kuti ndi pamene ofesi iyenera kusamala kwambiri chinsinsi chake ndi kumuthandiza kufikitsa uthengawo kunyumba mwaulemu.

Mwana amene sanabadwe saperekedwa. Lonjezo lililonse limene mungapange muli ndi pathupi silikumangani, ndipo amayi ambiri amasintha maganizo akangomuyamwitsa. Malonjezo a mbali inayo nawonso samangidwa ndi lamulo: oti "muzidzamuona pa Khirisimasi", "tizidzakutumizirani zithunzi", amadalira mtima wa anthuwo basi, makamaka ngati mwana akupita kunja kwa dziko.

Choopsa kwambiri ndi anthu apakati. Amakhala okoma pakamwa: mayi wa kutchalitchi amene akudziwa banja losabereka, munthu wa pa Facebook amene akulonjeza kulipira lendi ndi fizi, wina amene amazungulira pa wodi ya amayi ochira. Lamulo limaletsa kulandira kapena kupereka ndalama chifukwa cha adoption popanda chilolezo cha khoti, ndipo kupereka mwana posinthana ndi ndalama kungakugwetseni mu lamulo la 2015 loletsa kugulitsa anthu, inuyo pamodzi ndi wotengayo. Ena amauza mayi kuti akachire ndi buku la kusikelo la dzina la mayi winayo kuti chiphaso cha kubadwa kwa mwana chituluke m'dzina lake. Uku n'kunamiza boma, ndipo mukadzafuna mwana wanu simudzakhala ndi pepala lililonse losonyeza kuti munamubala ndinu. Fomu ya NR8 yolembetsera kubadwa kwa mwana ilembedwe kuchipatala m'dzina lanu lenileni, kaya mukhala naye kaya ayi. Ndipo kwa amene mwafika pothedwa nzeru: kusiya khanda pa depoti, m'chimbudzi kapena m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kumapha mwana ndipo ndi mlandu waukulu. Kuuza namwino kuti "sindingathe kumulera" si mlandu. Iye amaitana a Social Welfare.

Ngati woyembekezerayo sanakwane zaka 18, kapena anagwiriridwa, musayambire ku ofesi. Pitani ku Chikwanekwane ku Kamuzu Central, kumene adokotala, apolisi ndi a Social Welfare amathandizira malo amodzi, kapena ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi. Nkhanza ikangochitika kumene, mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana, ndi yaulere. Ukwati si yankho, lamulo limauletsa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Sukulu nayonso sinathe: kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akachira.

Kuunika kwathu ndi kotere. Pa kuteteza mwana ndi kuyendetsa adoption mwalamulo, ofesiyi ilibe mlowam'malo. Pa kuyanjanitsa makolo imathandiza, makamaka mwamuna akakhala wa pa ntchito yodziwika. Pa njala ya lero ili ndi zochepa zopereka kupatula kalata yokutumizani ku mabungwe kapena mipingo, ndipo ogwira ntchito ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa boma la Lilongwe, choncho musayembekeze kuti adzakutsatani okha. Pitani m'mawa pakati pa sabata, mutenge chiphaso cha unzika, buku la kusikelo ndi munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira. Musanatuluke funsani dzina la amene wagwira nkhani yanu ndi tsiku loti mubwerenso, mulembe kuchikuto kwa buku lanu, ndipo kalata iliyonse imene akupatsani muijambule pa foni musanaipereke kwa wina.