Teff woyera kapena wofiirira: ufa woyenera kugula ndi uti?

Teff ndi mbewu ya ku Ethiopia ndi Eritrea, komwe ufa wake amaphikira injera, buledi wopyapyala wowawasa wonga chitumbuwa chachikulu, ndipo popeza alibe gluteni (puloteni yopezeka mu tirigu), anthu odwala matenda a celiac, amene thupi lawo siligwirizana ndi gluteni, ayamba kumufunafuna m'mayiko ambiri. Pamsika pamapezeka mitundu iwiri ikuluikulu: woyera, amene Aitiyopiya amamutcha nech, ndi wofiirira, wotchedwa key. Palinso sergegna, wosakaniza mitundu yonse iwiri, koma kunja kwa Ethiopia sapezekapezeka.

Ife ozolowera chimanga tingaganize kuti woyerayo ndi wokonola ndipo wofiirirayo ndi mgaiwa, koma sizili choncho. Njere za teff ndi zazing'ono kwambiri moti pamafunika njere pafupifupi 3,000 kuti zikwane galamu imodzi, choncho zimagayidwa zathunthu, gaga ndi mtima womwe. Mitundu yonse iwiri ili ndi kashiamu wambiri, ndipo kusiyana kwa maonekedwe kumachokera ku khungu la njere basi. Wofiirira amaposa mnzake pa ayironi, ngakhale kuti gawo lina la ayironi ameneyu limachokera ku dothi limene limasakanikirana ndi njere pamene ng'ombe zikupondaponda mbewuyi popuntha.

Pa injera, mitundu yonse imasasa mofanana: ufa umakandidwa ndi madzi pamodzi ndi ersho, madzi osasa otsala pa mphiko wapita, n'kusiyidwa masiku awiri kapena atatu usanathiridwe pa chiwaya chadothi chotchedwa mitad. Woyera amapereka injera wofewa, wowawasa pang'ono, wokhala ndi timaso toonekera bwino pamwamba, ndipo ndi amene amakwera mtengo ku Ethiopia, makamaka mtundu wake wapamwamba wa magna. Wofiirira amatulutsa injera wakuda ndi wa fungo lamphamvu.

Kusiyana kwenikweni kumaonekera mu uvuni, koma pa kakomedwe, osati pa kafufumidwe. Ufa wopanda gluteni sutamuka, sugwira mpweya wa chotupitsa, ndipo buledi wa teff yekhayekha amatuluka wolemera, wong'aluka pamwamba, n'kumayoyoka mpeni ukangomukhudza. Vutoli n'lofanana pa mitundu yonse, ndipo limachepa mukasakaniza teff ndi ufa wa mpunga kapena wa chinangwa, n'kuwonjezera mazira kuti agwirizanitse zonse. Mukakanda, dikirani kaye mphindi pafupifupi 20, chifukwa ufawu umamwa madzi pang'onopang'ono. Chimene chimaoneka chamadzimadzi poyamba chimalimba chokha, ndipo amene amafulumira kuwonjezera ufa amaphula buledi wouma. Pa kakomedwe ndiye mitunduyi imapatukana. Woyera sabisa zokometsera zina, choncho amayenera makeke a mandimu kapena vanila ndi mabisiketi a batala. Wofiirira ali ndi kukoma kwake kolowera ku mtedza wokazinga, komwe kumagwirizana bwino ndi koko, jinja, sinamoni ndi nthochi zakupsa kwambiri, koma mu keke yopepuka kukomako kumaphimba zina zonse. Pa phala la njere zathunthu, kapu imodzi ya teff pa makapu atatu a madzi kwa mphindi 15 mpaka 20, ine ndimasankha wofiirira mosakayika.

Kwa amene angathe kugula mtundu umodzi wokha, ndikulangiza wofiirira, chifukwa amachita bwino pa phala, pa buledi wa nthochi ndi pa injera wa tsiku ndi tsiku, pamene ubwino wa woyera umaonekera kwenikweni pa zophika zochepa zofuna maonekedwe owala. Mtundu uliwonse umene mungasankhe, ngati muli ndi celiac werengani pa paketi kuti ufawo sunagayidwe pamodzi ndi tirigu, ndipo m'malo odyera a Aitiyopiya, kaya ku Johannesburg kapena ku London, funsani musanadye, popeza injera wambiri wophikidwa kunja kwa Ethiopia amasakanizidwa ndi ufa wa tirigu kapena barele.