Google Trends pa kafukufuku wa anthu otchuka: pomwe imathandiza ndi pomwe imasocheretsa

Google Trends ndi tsamba losonyeza mmene anthu akhala akusakira mawu pa Google. Linatsegulidwa mu 2006, koma zomwe linasunga zimayambira mu Januwale 2004, ndipo salipiritsa. N'chifukwa chake ophunzira a ku yunivesite amene akulemba za oimba, osewera mpira kapena akatswiri a mafilimu amathamangira kumeneko akafuna nambala yoikira kumbuyo mfundo yawo. Ife tikuona kuti tsambali limayankha bwino funso limodzi: chidwi cha anthu pa munthu wakutiwakuti chinakwera liti, nanga chinazilala msanga bwanji. Mukalifunsa kuti wotchuka kuposa mnzake ndani, limatha kukunamizani inu osadziwa.

Gwero la vutoli ndi manambala ake. Tsambali silinena kuti anthu angati anasaka dzina. Limawerengera gawo lomwe dzinalo linatenga pa zonse zomwe zinasakidwa m'dera limenelo pa nthawi imeneyo, kenako pomwe gawolo linakwera kwambiri limalembapo 100, ndipo manambala ena onse amayezedwa ndi pamenepo. Mukangosintha zaka kapena dziko, manambala onse asintha.

Lembani Michael Jackson, musankhe dziko lonse lapansi kuyambira 2004. Pakati pa 2009 mzere ukwera mpaka pamwamba, chifukwa anamwalira pa 25 Juni chaka chimenecho, ndipo zaka zina zonse zioneka ngati zagona pansi. Wophunzira wosasamala alemba kuti kale anthu analibe naye chidwi. Tsopano chepetsani zakazo, zikhale 2004 mpaka 2008. Mlandu wake wa mu 2005, womwe unabisika pagalafu yoyamba ija, uonekera bwinobwino. Imfa, ukwati kapena chisokonezo chimodzi chachikulu chimaphwetsa china chilichonse, choncho jambulani magalafu awiri, ina yokhala ndi chochitikacho, ina yopanda.

Mzere wotsika sutanthauzanso kuti osaka akuchepa. Ogwiritsa ntchito Google mu 2004 anali ochepa poyerekeza ndi lero, ndipo zomwe anthu amasaka zachulukirachulukira. Dzina lingasakidwe ndi anthu ambiri kuposa kale, gawo lake n'kumatsikabe.

Pomwe ambiri amagwera msanga ndi m'kabokosi kolembamo dzina. Mukalemba, pamabwera zosankha ziwiri: Search term, yomwe imawerenga mawu omwe mwalembawo, ndi Topic, yomwe imasonkhanitsa zonse zokhudza munthuyo m'zilankhulo ndi kalembedwe kosiyanasiyana. Mukasankha Prince ngati Search term, woimba amene anamwalira pa 21 Epulo 2016 asakanikirana ndi Prince William ndi Prince Harry. Ronaldo aphatikiza Cristiano wa ku Portugal ndi Ronaldo wa ku Brazil. Kanye West anasintha dzina kukhala Ye mu 2021, ndipo zilembo ziwirizi pazokha zimakoka zinthu zambirimbiri zosamukhudza. Pa mayina otere Topic ndiyo yabwino, ngakhale ili ndi chilema chake: Google siulula mawu omwe yaikamo, ndiye simungawatchule polongosola njira ya kafukufuku wanu. Ngati mwasankha Search term, chizindikiro cha + chimaphatikiza kalembedwe kosiyana ka dzina limodzi, cha - chimachotsa mawu osafunika, ndipo zizindikiro zogwira mawu zimapangitsa kuti mawuwo awerengedwe mu ndondomeko yomwe mwawalembera. Chosayenera n'kuika munthu mmodzi ngati Topic, mnzake ngati Search term pagalafu imodzi. Wa Topic amaoneka wamkulu chifukwa chabe cha kawerengedwe.

Kutalika kwa nthawi yomwe mwasankha ndi komwe kumalamula kuti manambala abwere motani. Masiku 7 amapereka nambala ya ola lililonse, miyezi yosafika 9 ya tsiku lililonse, mpaka zaka 5 ya sabata iliyonse, kupitirira apo ya mwezi uliwonse. Nkhani ya munthu wotchuka yomwe inabuka Lachiwiri n'kuzilala Lachisanu imasungunuka pagalafu ya mwezi ndi mwezi. Nambala yomalizira, ya sabata kapena mwezi womwe sunathe, ichotseni.

Chinthu china chomwe tsambali silinena mokweza n'chakuti siliwerenga zosakidwa zonse, limangotapako. Mukapanga dawunilodi lero n'kubwerezanso mawa, zonse mutasankha chimodzimodzi, manambala amatha kusiyana. Pa dzina lalikulu kusiyanako n'kochepa. Pa woimba wodziwika m'dziko limodzi laling'ono, mzere umadumphadumpha, ndipo 0 amene mukumuona satanthauza kuti palibe anasaka, koma kuti osakawo sanafike pa mlingo womwe Google imaonetsa. Njira yake n'kutenga fayilo ya manambalawo, yotchedwa CSV, kasanu kapena kakhumi pa masiku osiyana, kulemba deti pa dzina la fayilo iliyonse, n'kupeza avereji. M'fayilomo mupezamo malo olembedwa <1 (kuchepera 1), omwe Excel imawatenga ngati mawu n'kuwadumpha powerengera. Sankhani nambala imodzi yolowa m'malo mwake, monga 0.5, ndipo munene poyera kuti mwatero. Onetsetsaninso pagalafu timizere toimirira pa 1 Januwale 2011, 2016 ndi 2022, pomwe Google inasintha katoleredwe kake. Mzere ukadumpha pa madeti amenewa, musathamangire kunena kuti pali chomwe wotchukayo anachita.

Kwa zaka zambiri tsambali linkalola mayina asanu okha nthawi imodzi, pomwe kafukufuku weniweni amafuna 20 kapena 30. Magalafu awiri osiyana simungawayerekeze, popeza iliyonse ili ndi 100 wakewake. Chochita n'kusankha dzina limodzi lolowa m'gulu lililonse. Tinene kuti avereji ya dzinalo ndi 40 m'gulu loyamba ndi 10 m'gulu lachiwiri: manambala onse a gulu lachiwiri muwachulukitse ndi 4, basi magulu awiriwo ali pa muyeso umodzi. Dzina lolumikiziralo likhale lapakatikati komanso lopanda chochitika chachikulu m'zaka zimenezo. Mukatenga dzina ngati la Taylor Swift, ena onse agwera pa 1 ndi 2, ndipo popeza tsambali silipereka madesimali, kusiyana kwawo kwatayika.

Zonsezi zikakonzedwa, pali ntchito yomwe Google Trends imaigwira mokhutiritsa. Mu 2001 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Chris Rojek anagawa kutchuka m'mitundu itatu: kobadwa nako monga kwa ana a mafumu, kogwirira ntchito monga kwa katswiri wa masewera, ndi kochita kupatsidwa ndi ofalitsa nkhani. Anatchulanso anthu ongotchuka kwa kanthawi n'kuiwalika. Kusiyana kumeneku kumaoneka ndi maso pagalafu. Wotchuka wa kanthawi amakwera kamodzi n'kubwerera pansi penipeni; wokhazikika amatsika koma amaima pamwamba pa pomwe anali kale. Pa manambala a tsiku ndi tsiku mungawerenge masiku omwe mzere unatenga kuti utsike kuchoka pa 100 kufika pa 50, kenako n'kuyerekeza avereji ya miyezi 6 chisanachitike chochitikacho ndi ya miyezi 6 chitachitika. Miyeso iwiriyi sidalira kuti wamkulu ndani, ndiye mungayerekeze nayo anthu a m'magalafu osiyana.

Chomwe galafu singanene ndi chifukwa chomwe anthu anasakira. Will Smith atamenya mbama Chris Rock pa mwambo wa mphoto za mafilimu wa Oscars pa 27 Malichi 2022, mayina onse awiri anakwera nthawi imodzi, koma mzere sunena amene anthu anamumvera chisoni ndi amene anamudzudzula. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya iliyonse imalembedwa ngati chidwi. Kabokosi ka Related queries, kosonyeza mawu ena omwe osaka dzinalo anasakanso, kamathandizako pang'ono, makamaka mukasankha Rising, mndandanda wa mawu omwe kusakidwa kwawo kwakwera kwambiri. Mawu akuti Breakout pa mndandandawo amatanthauza kukwera kopitirira 5,000 peresenti, koma kawirikawiri zimatero chifukwa mawuwo anayambira pafupi ndi 0.

Palinso vuto lozama kuposa ili. Ofufuza Donald Horton ndi Richard Wohl analemba mu 1956 za ubwenzi wa mbali imodzi womwe woonera amakhala nawo ndi munthu wa pa wailesi kapena pa TV. Munthu wokonda woimba motere safunika kumusaka pa Google. Amamutsatira kale pa Instagram kapena TikTok tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa osaka dzina ndi amene angolimva kumene ndipo akufunsa kuti ameneyu ndi ndani. Choncho ofufuza za otsatira okhulupirika apeza zochepa pano. Kwa oimba, kusintha kuchoka pa Web Search kupita pa YouTube Search, yomwe imayambira mu 2008, kumayandikirako kwa omvera enieni.

Mapu a pa tsambali, osonyeza komwe dzina linasakidwa, nawo amakopa maso koma ngoopsa. Amasonyeza gawo osati kuchuluka, ndiye dziko la anthu ochepa lingakhale pamwamba pa mndandanda. Ku China anthu ambiri amasakira pa Baidu, ku Russia pa Yandex, ndipo ku South Korea Naver ili ndi gawo lalikulu, zomwe n'zofunika kukumbukira polemba za oimba a K-pop, nyimbo za m'dzikolo.

Ife sitingalole kuti mfundo yaikulu ya kafukufuku itsamire pa Google Trends yokha. Iyendere limodzi ndi Pageviews Analysis ya Wikipedia, yomwe kuyambira Julayi 2015 imapereka chiwerengero chenicheni cha maulendo omwe tsamba la munthu linatsegulidwa, chilankhulo chilichonse pachokha, ndipo imalola kuchotsa maulendo a mapulogalamu ongodziyendera okha. Ziwirizi zikakwera tsiku limodzi, detilo mungalikhulupirire. Zikasiyana, yambani mwaona ngati dzina lanu pa Google silinasakanikirane ndi la munthu wina, kenako muone ngati tsamba la Wikipedia silinasinthidwe mutu. Ngati linasinthidwa, chongani kabokosi ka redirects kuti maulendo a mutu wakale awerengedwe nawo.