Dreamwidth: kutsegula akaunti n'kosavuta, chovuta kuno ku Mzuzu ndi khadi

Amene anasungapo kope m'nyumba ya ku Mchengautuwa kapena ku Chiputula nyengo ya mvula akudziwa zimene chinyezi cha Mzuzu chimachita ndi pepala. Masamba amamatana, inki imayenderera, pofika June kope likununkha nkhungu. Palinso vuto lakale la dayale ya papepala, loti aliyense wolowa kuchipinda akhoza kuivundukula. N'chifukwa chake ophunzira a ku Mzuni, anamwino, aphunzitsi ndi ena ayamba kufunsa za malo a pa intaneti olembapo zochitika za tsiku ndi tsiku. Malo oterewa alipo angapo, koma pano tikuunika Dreamwidth, chifukwa masamba ake ndi opepuka, sadya bandulo, ndipo munthu akhoza kulembapo zaka zambiri osalipira kalikonse.

Dreamwidth inatsegulidwa mu 2009 ndi Denise Paolucci ndi Mark Smith, omwe kale ankagwira ntchito ku LiveJournal, malo ena olembapo dayale pa intaneti. LiveJournal imeneyo anaiyambitsa Brad Fitzpatrick mu 1999, inagulidwa ndi kampani ya ku Russia mu 2007, ndipo mu 2017 inayamba kuyendera malamulo a dziko limenelo, zomwe zinachititsa anthu ambiri kusamutsira zolemba zawo ku Dreamwidth. Kampani ya Dreamwidth ndi yaing'ono, ili ku America, ndipo siika zotsatsa malonda pa masamba ake. Ndalama zake zimachokera kwa amene amalipira akaunti mwa kufuna kwawo. Kwa ife ogula bandulo ya tsiku limodzi, phindu lake ndi looneka: tsamba limabwera ndi mawu basi, popanda mavidiyo odziyambitsa okha, ndipo limatseguka ngakhale netiweki ikugwiragwira.

Kutsegula akaunti kumatenga mphindi zosakwana khumi. Pa dreamwidth.org mumadina Create Account, n'kulemba dzina la akaunti, imelo, mawu achinsinsi ndi tsiku lobadwa, kenako n'kuvomereza malamulo awo. Ana osakwana zaka 13 saloledwa. Pa zonsezi, pofunika kudekha ndi pa dzina. Dzina limenelo ndi limene limakhala adiresi ya dayale yanu, ndipo limaoneka kwa aliyense ngakhale zolemba zonse mutazibisa. Ngati cholinga ndi kulemba zakukhosi, musaike dzina lanu lenileni, kapena limene anzanu amakudziwani nalo pa Facebook. Kulisintha pambuyo pake si kwaulere: mumagula chimene amachitcha rename token, cha $15, ndalama yoyandikira mtengo wa miyezi isanu ndi umodzi ya akaunti yolipira. Chilembo cha ŵ sichilowa m'dzina la akaunti, koma m'zolemba chimaoneka bwinobwino, choncho olemba Chichewa kapena Chitumbuka asadandaule.

Mukamaliza amatumiza uthenga ku imelo yanu wokhala ndi linki yotsimikizira. Apa ambiri amagwa chifukwa analemba imelo imene anatsegulitsa kwa wokonza mafoni mumsika ndipo mawu ake achinsinsi sakuwadziwa. Dreamwidth siidziwa nambala yanu ya foni. Tsiku limene mudzaiwale mawu achinsinsi, njira yobwerera ndi imelo yomweyo. Uthenga ukachedwa, yang'anani mu Spam musanapemphe wina.

Musanalembe chiganizo choyamba, lowani mu Account Settings, gawo la Privacy. Ichi ndi chinthu chimene sitikondwa nacho pa Dreamwidth: akaunti yatsopano imabwera ili yotseguka, moti cholemba chilichonse chimakhala Public pokhapokha mwini atasintha. Pali magawo atatu akuluakulu. Public ndiye kuti aliyense wodziwa adiresi awerenga, ngakhale alibe akaunti. Access List ndiye kuti awerenga okhawo amene mwawapatsa chilolezo. Private ndi inu nokha. Wofuna dayale yeniyeni asankhe Private pa Default Entry Security, achongenso pamene akunena zoti masamba ofufuzira ngati Google asamaonetse dayale yake. Anthu amasokoneza Subscribe ndi Grant Access. Choyambacho chimatanthauza kuti inu muziwerenga zolemba za mnzanu. Chachiwiricho chimamutsegulira iye zolemba zanu zonse za Access List, ndi zakale zomwe. Pamene mukuwonjezera munthu, zosankha ziwirizi zimakhala pamalo amodzi, ndipo pafoni chala chikhoza kuchonga zonse mosadziwa. Pa gawo la nthawi sankhani Africa/Blantyre.

Kalembedwe kake n'kachikale koma n'kodalirika. Pali malo a mutu, malo a nkhani, ndi malo a ma tag, omwe ndi mawu osanjira zolemba monga "sukulu", "ngongole", "mapemphero", "munda". Pamene mukulemba, tsamba limasunga lokha zimene mwafikapo, ndiye magetsi akathima kompyuta n'kuzima, mukadzatsegulanso limakufunsani ngati mukufuna kubwezeretsa. Koma kusungako kumadalira intaneti. Bandulo ikatha pakati pa ndime, zimene mwalemba kuyambira pamenepo sizifika kwawo. Nkhani yaitali ndi bwino kuilemba kaye mu notsi za pafoni, kenako n'kuikopera. Tsiku la cholemba limasinthika, choncho amene akufuna kusamutsa makope akale akhoza kulemba za 2019 n'kuziika pa deti lake lenileni.

Zofooka zilipo ndipo tisazibise. Mawu onse oyendetsera tsambali ali m'Chingerezi. Alibe pulogalamu yawoyawo ya pafoni, mumadzera pa Chrome kapena Firefox, ndipo masamba ena a zosintha amaoneka opanikizana pa foni yaing'ono. Kuika chithunzi n'kozungulira: mumachikweza kaye pa malo osungira zithunzi, n'kukopera kachizindikiro kake, n'kukakamata m'nkhani. Chachikulu kwambiri n'chakuti Private amabisa zolemba kwa owerenga ena, koma sazitseka mwa njira yoti ngakhale kampaniyo isathe kuziona. Amene akufuna chitseko cha mtundu umenewo ayang'ane Day One, pulogalamu ina ya dayale yomwe ili ndi chitsekocho, chotchedwa end-to-end encryption, ngakhale malipiro ake amadzibwereza okha chaka chikatha. Ndipo pa malo alionse, namwino asalembe dzina la wodwala, mphunzitsi asalembe dzina la mwana.

Tsopano za ndalama. Akaunti yaulere ilibe malire a zolemba, imalola tizithunzi 15 todzizindikiritsira, ndiponso malo a zithunzi okwana 500 MB. Kwa wolemba dayale yayekha, zimenezi n'zokwana. Akaunti yolipira imabweretsa zambiri zimene zimasangalatsa okonda kucheza ndi anzawo pa tsambali, monga tizithunzi topitirira 100 ndi kupanga mavoti. Zothandiza wolemba dayale ndi ziwiri: kufufuza liwu m'zolemba zanu zonse, kuphatikizapo zobisika, ndi chida chosinthira zolemba zambiri nthawi imodzi kuchoka pa Public kupita pa Private. Amene walemba zaka zitatu ndipo akufuna kupeza tsiku limene anagula feteleza kapena limene mwana anayamba kudwala, kufufuzako ndi kumene kumabweza ndalama yake. Amene wangoyamba sabata ino alibe chofufuza, asathamangire kulipira.

Mitengo imene yakhalapo kwa zaka zambiri ndi iyi: Paid Account ndi $3 pamwezi, $17.50 miyezi isanu ndi umodzi, $35 pachaka. Premium, akaunti yolipira yapamwamba, ndi $25 miyezi isanu ndi umodzi, $50 pachaka. Musanalipire, onani mu Shop, sitolo ya pa tsambali, ngati sinasinthe. Tikawerengera K1,750 pa dola, mtengo umene mabanki akhala akuzungulirapo kuyambira 2024, mwezi ukubwera pafupifupi K5,250, theka la chaka K30,600, chaka K61,250, ndipo Premium ya chaka K87,500, banki isanaikepo zake. Mu Shop zinthu zimawerengedwa m'mapointi, ndipo mapointi 10 ndi $1. Premium sitikuonapo chifukwa kwa munthu wolemba mawu okha.

Taonani kuti kulipira mwezi ndi mwezi kwa chaka chonse ndi $36, kusiyana ndi $35 kwa dola imodzi yokha. Kunja zimenezo zikanatanthauza kuti palibe chothamangira kulipira chaka. Kuno pali zina zoganizira. Banki ikamadula kangachepe pa kugula kulikonse kwa kunja, maulendo 12 amapweteka kuposa umodzi. Komanso kwacha simadziwika. Mu November 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo $35 yomwe inali pafupifupi K41,000 inadzuka ili pafupifupi K59,500. Amene anali atalipiratu chaka sanamve kanthu.

Njira yolipirira ndi khadi la Visa kapena Mastercard. PayPal salandira, anasiyana nayo mu 2010 atakana kuchotsa zolemba zina za anthu awo zomwe sizinali zophwanya lamulo. Airtel Money ndi Mpamba sizilowa mwachindunji. Mumasankha Paid Account, n'kunena kuti ndi yanu kapena ya munthu wina, n'kusankha miyezi, n'kuika mu Cart, kenako n'kulemba nambala ya khadi, mwezi ndi chaka chimene limatha, ndi manambala atatu a kumbuyo. Zikayenda bwino akaunti imasintha posakhalitsa ndipo risiti imabwera pa imelo.

Koma nthawi zambiri siziyenda ulendo woyamba, ndipo vuto kawirikawiri silikhala la Dreamwidth. Khadi limene limatapa ndalama pa ATM m'tauni kapena kugula m'sitolo silinatsegulidwe kwenikweni kuti lizigula kunja pa intaneti. Makhadi ena amafunika kukawalembetsa kunthambi ya banki kapena kuwatsegula pa pulogalamu ya bankiyo. Ngakhale litatsegulidwa, kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko muno kwachititsa kuti mabanki aziika malire a madola amene khadi lingagwiritse ntchito, ndipo malirewo amasinthasintha. Ngati mwalipira kale zina mwezi womwewo, monga fomu ya sukulu yakunja kapena malo osungira zithunzi, $35 ikhoza kukanidwa pamene $3 ikanadutsa. Chachitatu ndi nambala yotsimikizira imene banki imatumiza pa SMS. Imapita ku nambala ya foni imene munalembetsa potsegula akaunti ya banki, ndipo ngati layini imeneyo munaitaya kalekale, mudzadikira mpaka nthawi ithe. Chachinayi ndi kuika ndalama yongokwana ndendende. Banki imagulitsa dola pa mtengo wake n'kuwonjezerapo malipiro, ndiye m'akaunti muzikhala zoposa zimene mwawerengera. Dzina lilembedwe monga lilili pakhadi.

Khadi likakanidwa, musabwereze kasanu motsatizana. Makina a banki amaona ngati wakuba akuyesa, n'kulitseka khadi lonse, ndipo mudzazindikira muli pa mzere wa ATM. Zimachitikanso kuti SMS yabwera yoti ndalama yachoka koma akaunti sinasinthe. Nthawi zambiri ndalamayo imakhala yangogwidwa kaye ndipo imabwerera pakapita masiku. Sungani SMS imeneyo, yang'anani mbiri ya zogula zanu mu Shop ngati zalembedwa kuti zalipidwa, ndipo ngati sizinalembedwe, funsani ku banki musanalipirenso.

Chimene tikulangiza ndi kuyamba ndi $3. Ndi ndalama yochepa yoyesera khadi, ndipo mumakhala ndi mwezi wathunthu woona ngati kufufuzako mukukugwiritsadi ntchito. Mukakhutira, gulani miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Nthawi yatsopano imangowonjezeka pa imene yatsala, palibe chotayika. Amene angathe kudikira, mu December Dreamwidth imakonda kubwezera 10 peresenti ya zimene mwagula ngati mapointi. Pa $35 ndi mapointi 35, okwana mwezi wina.

Khadi likakanika ndithu, pali njira imene ambiri kuno saidziwa. Munthu wina akhoza kukugulirani akaunti ngati mphatso. Achimwene a ku Johannesburg kapena azakhali a ku Manchester amangofunika dzina la akaunti yanu, basi. Safunika mawu anu achinsinsi, ndipo kulipira sikuwatsegulira zolemba zanu. Dziwani kokha kuti dzinalo alidziwa, choncho onetsetsani kuti palibe chatsala pa Public. Wina aliyense wa pa WhatsApp amene akuti "tumizani pasiwedi ndi ndalama, tikulipirirani" mukaneni. Njira ya mphatso inapangidwa kuti zimenezo zisafunike.

Chimene timayamikira kwambiri ndi zimene zimachitika nthawi ikatha. Dreamwidth simadula yokha ndalama pakhadi. Imatumiza imelo yochenjeza, ndipo mukapanda kulipira akaunti imangobwerera kukhala yaulere. Zolemba zonse zimakhalapo, zobisika zimakhalabe zobisika, tizithunzi topitirira 15 timangogona osafufutidwa. Kwa munthu amene ndalama imabwera ndi nyengo, monga mlimi wa khofi kapena wophunzira wodikira ndalama ya ngongole, kumeneku n'kumasuka kwenikweni: mwezi wa January, wa fizi ndi feteleza, sudzapeza khadi litadyedwa usiku.

Chatsala ndi kusunga kope lachiwiri. Anthu a mumzinda uno akukumbuka moto umene unapsereza laibulale ya Mzuni mu December 2015, ndi mabuku ambirimbiri amene analibe kwina kosungidwa. Dreamwidth ili ndi tsamba la Export, la aliyense ngakhale wosalipira, limene limatulutsa zolemba mwezi umodzi umodzi ngati fayilo ya CSV kapena XML. Kwa zaka zambiri zimatopetsa, koma kuchita kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ndi mphindi ziwiri. Fayiloyo imatuluka yosatsekedwa, ndi zolemba za Private zomwe, choncho musaitsitsire pa kompyuta ya ku kafe kapena ya kuntchito. Itsitsireni pa foni yanu, muitsegule muone ngati zilembo ngati ŵ zatuluka bwino, kenako muikopere pa flashi imene simuyenda nayo.