Mpando wa Antony kapena wa Mushroom?

Mpando wa Antony, womwe Jean Prouvé, katswiri wopanga mipando wa ku France, anaukonza mu 1954 kuti uziikidwa m'zipinda za ophunzira ku Antony, pafupi ndi Paris, ndi thabwa lopyapyala lopindika lomwe limakhala pa miyendo yachitsulo yakuda. Umakhala bwino pafupi ndi shelefu ya mabuku kapena tebulo lamatabwa, ngakhale kuti munthu akakhalitsapo msana umayamba kudandaula.

Wa Mushroom, womwe Pierre Paulin, katswiri winanso wa ku France, anakonzera kampani ya Artifort ya ku Netherlands cha m'ma 1960, ulibe miyendo yooneka, chifukwa chitsulo ndi siponji zonse zimavekedwa nsalu yotambasuka ngati sokosi. Pabalaza ine ndingasankhe umenewu, makamaka wofiira kapena wachikasu, ndipo ndingauike pawokha pakapeti yopanda maluwamaluwa, motalikirako ndi khoma kuti kuzungulira kwake kuoneke mbali zonse.