NFS, rsync kapena git: kugawa Portage tree yosinthidwa ku makompyuta angapo

Ndimasamalira makompyuta anayi a Gentoo, mtundu wa Linux umene umaika mapulogalamu pogwiritsa ntchito Portage. Tsiku lina ndinakonza ebuild (fayilo ya malangizo omangira pulogalamu) mkati momwemo mwa /var/db/repos/gentoo, momwe mumakhala tree, mulu wa ma ebuild onse, ndipo m'mawa mwake nditalemba emerge --sync (lamulo lokokera tree yatsopano), ntchito ya usiku wonse inafufutika. Zinandiwawa zedi. Kuchokera pamenepo ndayesa njira zitatu.

NFS, njira yogawira mafayilo pa netiweki, ndiye yosavuta. Kompyuta imodzi imasunga tree, zinazo zimangoiwerenga pa netiweki, choncho ukasintha pamodzi zonse zaona pompopompo. Koma magetsi akathima pa seva, emerge ya kwinako imangoima kudikirira. Laputopu ukapita nayo kunyumba ilibe tree n'komwe.

Njira ya rsync, pulogalamu yokopera mafayilo pakati pa makompyuta, ndinakhala nayo nthawi yaitali. Kompyuta imodzi yokha ndiyo imakoka tree pa intaneti, zinazo zimatenga kwa iyo kudzera pa rsyncd (seva ya rsync), pa port 873. Bandulo imakhalitsa, komanso ma mirror a Gentoo (maseva okokako tree) suwavutitsa, paja amapempha kuti munthu asakoke kopitirira kamodzi patsiku. Vuto limabwera ukakhudza tree yeniyeniyo. Portage imatsimikizira mafayilo a Manifest (osunga zizindikiro zotsimikizira fayilo iliyonse) ndi siginecha ya OpenPGP, ndiye ebuild yako ikangosiyana ndi yoyambirira, makompyuta ena aja amakana sync. Anthu ena amangolemba sync-rsync-verify-metamanifest = no mu repos.conf kuti azimitse kutsimikiziraku. Ine izi sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono, chifukwa ukuchotsa loko pachitseko cha mapulogalamu onse pofuna kulowetsa fayilo imodzi. Komanso rsync siikumbukira kuti unasintha chiyani, liti.

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha, imakumbukira. Ma ebuild anga onse ndinawasamutsira mu overlay (tree yaing'ono yapadera) yawoyawo, ndinailembetsa mu /etc/portage/repos.conf ndi sync-type = git, ndipo kompyuta iliyonse imakoka yokha. Ndikalakwitsa, git revert imandibwezera pomwe ndinali. Chofunika kusaiwala n'kupanganso Manifest ndi ebuild dzina.ebuild manifest ukasintha SRC_URI (adiresi yokokako code ya pulogalamu). Ngati chomwe ukufuna ndi patch (chigamba chaching'ono pa code) chabe, usavutike ndi overlay, ingoiika mu /etc/portage/patches.

Pano tree yaikulu imayenda pa rsync yosakhudzidwa, zosintha zanga pa git. NFS ndinaisiyira distfiles zokha, mafayilo a code omwe Portage imakoka pomanga mapulogalamu. Kompyuta yamphamvu ndinaiikira FEATURES="buildpkg", kuti izisunga mapulogalamu omangidwa kale, ndipo makompyuta anga awiri akale azingotenga ndi emerge --getbinpkg m'malo mochezera usiku wonse akumanga pulogalamu yaikulu ngati gcc.